Ndinaloweza buku lonse koma ndinalakwa OSCE

Linali tsiku la OSCE, mayeso a unamwino omwe umachita ndi manja woyesa akuona. Belu litalira ndinalowa m'chipinda chachitatu mtima uli m'malo, chifukwa nkhani ya mavayito, kuyeza kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kupuma ndi bipi, ndinkaidziwa ngati pemphero la m'mawa. Pa bedi panagona mnyamata wophunzira chaka chachiwiri amene ankachita ngati wodwala. Pambali panali thirole, ndipo a Madamu otiyesa anakhala pakona ndi pepala lawo lochongera. Pachitseko anamata malangizo achidule: yezani bambo awa, lembani pa tchati, kenako fotokozani zomwe mwapeza.

Ndinangofikira pa thirole n'kutola themometa. Beseni la madzi ndi sopo zinali pomwepo, ine osaziona. Wodwalayo sindinamupatse moni, sindinamufunse dzina, sindinamuuze kuti ndine ndani. Nditatha kuwerenga kugunda kwa mtima pamkono ndinanena mokweza kuti, "Tsopano ndiwerenga mmene mukupumira." Nthawi yomweyo mnyamatayo anasintha kapumidwe, n'kuyamba kukoka mpweya mwadongosolo ngati ali pa kwaya. Pomaliza a Madamu anandipatsa kapepala kolembedwa kuti kutentha kwa thupi 38.9, mtima 112, kupuma 26, n'kufunsa modekha:

"Manambala awa akukuuzani chiyani za bambo amenewa, ndipo inu muyamba kuchita chiyani?"

Ndinayankha zomwe ndinaloweza. Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, kupuma ndi ka 12 mpaka 20, kutentha kwa thupi 36.5 mpaka 37.5. Zonsezo zinali zoona. A Madamu anadikira kuti ndipitirize, koma m'mutu mwanga munalibenso china. Belu linalira. Zotsatira zitatuluka, dzina langa linali pa gulu la olemba sapu, mayeso obwereza a amene alakwa.

Kwathu ndi kumudzi wina kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa. Kuti ndikafike ku koleji, bambo anagulitsa mbuzi zinayi n'kuphatikizapo ndalama za thonje la chaka chimenecho. Choncho mawu oti sapu sanandigwere mopepuka. Chomwe chinkandiwawa kwambiri n'choti sindinali waulesi. Makope anga a Fundamentals of Nursing anali aukhondo, tanthauzo lililonse nditalidula mzere wofiira kunsi, ndipo masitepe asanu a nursing process, ndondomeko yosamalira wodwala, ndinkatha kuwalakatula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Njira imeneyi ndi yomwe inandikhozetsa MSCE: kuloweza, kukhuthulira pa pepala, kenako kuiwala. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amene mukuyamba unamwino mwabwera ndi njira yomweyi, ndipo mwina palibe wakuuzani kuti ku unamwino siyenda.

Tchuthi chinagwa mu Okutobala. Amene anakhalako kuno ku Chigwa cha Shire mwezi umenewu akudziwa zomwe ndikunena. Pofika 9 koloko m'mawa malata ayamba kale kuthetheka, masana kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo usiku mabanja ambiri amayala mikeka panja. Ndinapeza agogo anga aakazi, obereka mayi, atadwala sitiroko. Mbali ya kumanja inali itafa, kulankhula kukuvuta, ndipo atatulutsidwa m'chipatala anawabweretsa kwathu. Ankatandala pa mkeka pakhonde atagonera mbali imodzi.

"Iwe ndiye nesi wathu tsopano," anatero mayi. "Uwaone agogo akowa."

Mawuwa anandichititsa manyazi, poti za sapu ndinali nditawauza bambo okha. Komabe m'mawa mwake ndinatenga beseni ndi kansalu kuti ndiwasambitse. Nditawatembenuza, pa fupa la m'chiuno ndinaona malo aakulu ngati chikhatho cha mwana, akuda kuposa khungu lozungulira, onyezimira, otentha ndikagwira. Ndinadinikiza ndi chala koma mtundu sunasinthe. Ndinakhala pansi ndi kansalu m'manja. Ichi ndi chija ndinaloweza m'Chingerezi kuti ndi gawo loyamba la chilonda cha kugona malo amodzi. Zithunzi za m'mabuku athu zinali za khungu la azungu, pomwe malo otere amafiira. Pa khungu lathu nthawi zambiri sipafiira. Pamada, pamanyezimira, pamalimba kapena kutentha, ndipo ukamadikira kuona kufiira upeza patabooka kale.

Ndinauza mayi kuti agogo tiziwatembenuza maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Mayi si munthu wongovomera zinthu.

"Chifukwa chiyani? Munthu wodwala umamusiya apume."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo zomwe zinabwera zinali ziganizo za Chingerezi zomwe sizikanawathandiza. Ndinakakamizika kuganiza. Ndinawagwira mkono n'kudinikiza chikhadabo chawo mpaka chinayera, kenako n'kusiya kuti aone magazi akubwerera. Ndinati thupi likapsinja mnofu pakati pa fupa ndi pansi, timitsempha ting'onoting'ono timatsekeka ngati chomwechi, magazi safika, ndipo mnofu wosalandira magazi umafa. Thukuta la kuno ndi mkodzo zimafewetsa khungu, ndiye mukawakoka pa mkeka limasupuka msanga. Mayi anagwedeza mutu. Tsiku lomwelo anasoka mapilo atatu a nsanza, tinayala bulangete pansi pa chitenje, ndipo potembenuza tinkawanyamula awiri ndi chitenjecho m'malo mowaguza. Usiku foni inkalira maola awiri aliwonse, tinkasinthana ine ndi mchemwali wanga. Patatha masiku angapo malo aja anabwerera mwakale osabooka.

Pa chakudya zinalinso chimodzimodzi. Mayi ankawamwetsa phala ali chigonere, agogo n'kumatsamwa mpaka misozi. Ndinati tiziwakhazika tsonga, sipuni yaing'ono, chakudya chizilowera mbali ya pakamwa yomwe ili ndi mphamvu, akatha tiyang'ane ngati china chatsalira m'tsaya, ndipo akhalebe tsonga kwa mphindi 30. Funso linabweranso lomwe lija. Ndinafotokoza kuti sitiroko imafooketsa minofu yomezera, phala limatha kulowera kunjira ya mpweya, ndipo likafika m'mapapo limayambitsa chibayo. Ndikulankhula choncho ndinazindikira kuti mutu wonse wa kudyetsa wodwala, womwe unali masamba angapo m'kope mwanga, wakhazikika pa chifukwa chimodzi chomwechi. Ukachigwira chifukwacho, masitepe amabwera okha.

Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo: chinthu chomwe sindingathe kuwafotokozera mayi m'Chichewa mpaka atagwedeza mutu, ndiye kuti sindikuchidziwa. Ndinagula kope latsopano n'kupinda tsamba lililonse pakati. Kumanzere ndinkalemba chochita, kumanja chifukwa chake, poyamba m'Chichewa kenako m'Chingerezi cha pa mayeso, chomwe aphunzitsi amachitcha rationale. Ndinayambira pomwe ndinagwera. Sitiuza wodwala kuti tikuwerenga kupuma chifukwa munthu akadziwa amasintha kapumidwe, ndiye zala zimakhalabe pamkono ngati ukuwerengabe mtima pamene maso ali pachifuwa. Sitigwira mtsempha ndi chala chachikulu chifukwa nacho chili ndi kugunda kwake, ukhoza kudziwerenga wekha. Mtima ukamadumphadumpha umawerenga mphindi yathunthu, osati masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Poyeza bipi munthu ayambe wapuma mphindi zisanu, mkono ukhale molingana ndi mtima, ndipo lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza manambala, munthu n'kumuyesa wa bipi alibe. Jakisoni wa pathako timabaya kumtunda chakunja chifukwa chapakati pamadutsa mtsempha waukulu wa sciatic, womwe ukaubaya mwana akhoza kulumala phazi. Ndipo moni ndi kufunsa dzina, zomwe ndinkaziona ngati ulemu chabe, ndi pomwe umatsimikiza kuti mankhwala akupita kwa mwini wake, komanso mmene munthu wayankhira zimakuuza kale ngati mutu wake ukuyenda bwino.

Funso la a Madamu lija ndinaliyankha ndekha pansi pa mtengo wa nimu, mochedwa ndi milungu itatu. Thupi likatentha mtima umathamanga ndipo kupuma kumafulumira, choncho manambala atatu aja sanali nkhani zitatu, inali nkhani imodzi: bambo ameneyu ali ndi matenda omwe thupi likulimbana nawo. Kuno kwathu munthu wotentha thupi timamuyeza malungo, koma kupuma kwa 26 kukunenanso kuti yang'ana chifuwa ndi mpweya wa m'magazi, pangakhale chibayo. Bipi ndi yofunika kuidziwa msanga, chifukwa ikamatsika mtima ukuthamanga ndiye kuti zinthu zikuipa ndipo wodwalayo sangadikire pa mzere. Umamukhazika bwino kuti apume momasuka, umachepetsa zofunda, umalemba, umaitana a dokotala. Palibe chatsopano pamenepa chomwe sichinali m'kope langa lakale. Zinali m'masamba osiyana, ndipo ine ndinali ndisanazilumikize.

Ndinapita pa Nchalo kukagula wotchi yotchipa ya muvi wa masekondi, ndipo pakhomo pathu panalibe amene anapulumuka. Bambo ndinkawayeza akangofika kuchokera kumunda, n'kuwayezanso atapuma, kuti ndione kusiyana. Ana a pamudzi ankabwera okha kudzapereka mikono. Tsiku lina mayi wina woyandikana nafe anabweretsa khanda la miyezi isanu ndi itatu lomwe linali ndi chimfine. Ndinawerenga kupuma n'kupeza 44. Mtima unandidumpha, chifukwa m'mutu munali 20 wa akuluakulu. Nditatsegula buku ndinapeza malire ake: khanda losakwana miyezi iwiri tikuti likupuma mothamanga likafika 60, la miyezi iwiri mpaka chaka likafika 50, mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika 40. Umawerenga mphindi yathunthu mwana ali phee, osati akulira, ndipo umayang'ananso ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya. Manambala atatuwa ndinawalowezapo kale kawiri n'kuwaiwala. Chiyezereni khanda lija sanachokenso.

Tsopano masamu, omwe amagwetsa anthu ambiri amene amadziwa bwino zina zonse. Namwino wina wa pachipatala chaching'ono cha kwathu anandipatsa chingwe cha diripu chomwe chinali chitatha nthawi yake chisanagwire ntchito. Ndinadzaza madzi a pamjigo m'botolo, kulimangirira pa nthambi ya nimu, chingwe chikudonthera m'chitini. Kawerengedwe kake n'kosavuta: mamililita ofunika, kuchulukitsa ndi madontho omwe chingwecho chimatulutsa pa mililita imodzi, kugawa ndi mphindi. Nambala ya madonthoyo imalembedwa pa paketi, ndipo muziiwerenga nthawi zonse, chifukwa zingwe zambiri ndi 20, zina 15, ndipo za timadontho ting'onoting'ono ndi 60. Lita imodzi pa maola 8 ndi 1000 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi 480, yankho madontho 42 pa mphindi. Pa pepala ndi nambala chabe. Pansi pa mtengo ndinaphunzira kuti 42 ndi madontho 10 kapena 11 pa masekondi 15, ndinaphunzira mmene kagudumu ka pachingwe kosinthira liwiro la madontho kamavutira kukhazikika, ndipo khutu linazolowera kulira kwake m'chitini. Pano ndikaima pa bedi ndimatha kuona kuti diripu ikuthamanga ndisanatulutse wotchi.

Pa mlingo wa mankhwala chomwe chinandithandiza ndi kulemba mayunitsi pa mzere uliwonse, osadumpha. Mwana wa makilogalamu 12, paracetamol pa mamiligalamu 15 pa kilogalamu, ndiye mamiligalamu 180. Botolo likuti mamiligalamu 120 ali mu mamililita 5. Zofunika kugawa ndi zomwe zilipo, kuchulukitsa ndi 5, yankho mamililita 7.5. Ukapeza yankho, usathamangire funso lotsatira. Dzifunse ngati ungamwetsedi mwana zimenezo. Kadontho ka pakati pa 7 ndi 5 kakasochera n'kupeza 75, ndiye kuti ukumwetsa mwana pafupifupi botolo lonse, ndipo nzeru za kunyumba zokha zikuuza kuti palakwika. Pa mayeso kadontho kameneka kamadya malikisi awiri. Mu wodi kamawononga chiwindi cha mwana wa eni.

Chingerezi cha m'mabuku a unamwino chinkandiopsa mpaka nditaona kuti mawu ambiri ataliatali ndi zidutswa zolumikiza. Tachy ndi kuthamanga, brady ndi kuchedwa, hyper ndi kupitirira, hypo ndi kuperewera, dys ndi kuvutikira. Cardia ndi za mtima, pnoea ndi za kupuma, uria ndi za mkodzo, aemia ndi za magazi. Ukadziwa zidutswa makumi awiri kapena atatu, mawu mazana amatseguka okha, ngakhale omwe sunawaonepo. Tsamba limodzi lakumapeto kwa kope linandikwanira.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna ndikuchenjezeni mwamphamvu. M'magulu athu a WhatsApp mumayenda mafunso ambirimbiri a unamwino, ndipo ochuluka ndi a NCLEX, mayeso a ku America. Pophunzira kaganizidwe ndi abwino, koma kutentha kwa thupi amalemba mu Fahrenheit, pomwe 98.6 ndiye 37 wathu, kulemera mu mapaundi, ndipo mankhwala, zipangizo ndi malamulo ndi za kwawo. Ine ndinataya mausiku ambiri ndikuloweza zinthu zomwe sindidzaziona m'chipatala cha ku Nsanje kapena ku Chikwawa, pamene za pakhomo sindinkazidziwa. Amene adzakupatseni chilolezo chogwira ntchito ndi a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo odwala anu adzakhala a malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, TB, HIV, bipi ndi shuga. Yambani ndi silabasi yanu, mapepala a mayeso akale a pa koleji panu, ndi ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo. Mwachitsanzo, aliyense amaloweza Glasgow Coma Scale ya 3 mpaka 15, muyezo woonera mmene munthu wakomokera. Koma mwana wa zaka ziwiri wokomoka ndi malungo sungamufunse kuti lero ndi lachingati. Pa ana otere pali Blantyre Coma Score ya 0 mpaka 5, yomwe Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaikonza ku Blantyre konkuno m'zaka za m'ma 1980 pothandiza ana odwala malungo a mu ubongo. Imayang'ana ngati maso akutsatira, mmene mwana akulirira, ndi mmene akuchitira akamva kupweteka, ndipo 2 kapena kutsikirapo ndiye kuti mwana wakomoka kwenikweni. Ndinanyadira nditadziwa kuti muyezo womwe madokotala a mayiko ena amagwiritsa ntchito uli ndi dzina la mzinda womwe uli pamwamba pa mapiri athu omwewa.

Za nthawi yowerengera sindinena zambiri. Masana a kuno mutu sugwira, ndipo kulimbana nawo n'kutaya nthawi. Ndinkagona msanga, kudzuka 3 koloko m'bandakucha kukadali kamphepo, kuwerenga ndi nyale ya sola mpaka 6 koloko, botolo la madzi lili pambali. Madzulo anali a manja: kuyeza, kutembenuza agogo, kuwerenga madontho.

Nditabwerera ku koleji ndinapeza anzanga atatu a sapu, ndipo tinagwirizana kuti mutu umodzi susenza denga. Koma gulu lathu silinali lowerengerana manotsi. Mmodzi ankagona pa bedi, wina n'kukhala namwino, wachitatu atagwira pepala lochongera, wachinayi atagwira wotchi. Chilichonse tinkachinena mokweza, chifukwa pa OSCE chomwe woyesa sanachione kapena kuchimva ndiye kuti sunachite. Kusamba m'manja tinkasambadi, ndi sopo, masekondi 40 mpaka 60, mpaka manja anazolowera kufuna beseni asanakhudze china chilichonse. Wogwira pepala anali ndi ufulu woimitsa paliponse n'kufunsa kuti chifukwa chiyani. Poyamba zinkakwiyitsa. Mnzathu wina wa ku Bangula ankafunsa ngakhale pa kukunga nsalu ya pa bedi, ndipo yankho lilipo: makwinya amadya khungu la munthu amene sangadzitembenuze. Ine pamenepo ndinkaona chiuno cha agogo.

Pa mafunso osankha yankho tinapeza kuti ovuta kwambiri ndi aja mayankho onse anayi ndi abwino, koma akufunsa choyamba kuchita. Pamenepo dongosolo ndi lija la ABC: njira ya mpweya, kupuma, kenako kuyenda kwa magazi. Ngati palibe choopseza moyo nthawi yomweyo, kuyeza kumabwera kusanachitike kuchita, monga nursing process imanenera. Muziwerenga funso mpaka kumapeto ndi kudula mzere pansi pa mawu ngati first, best ndi except, poti liwu limodzi lotere limatembenuza funso lonse. Pa mafunso olemba, chochita chilichonse chizikhala ndi chifukwa chake pambali. Malikisi ambiri amabisala pamenepo.

Tsiku la sapu ndinalowa, ndinasamba m'manja, ndinati, "Muli bwanji bambo? Ine ndine wophunzira unamwino, ndabwera kudzakuyezani. Dzina lanu ndani?" Manja ankanjenjemerabe, koma ankadziwa kopita. Tonse anayi tinakhoza.

Kumayambiriro kwa 2023 anatitumiza kukaphunzira ntchito pa chipatala china chakufupi ndi Shire, kolera ili pachimake. Mliri umenewu unayamba mu Malichi 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Odwala kolera ankagonekedwa mu tenti kuseri, pa mabedi obooka pakati, ndowa ili pansi. Ife ophunzira ntchito yathu yoyamba inali yosungunula kolorini ndi Thanzi ORS. A Sisita amene ankatiyang'anira anali mayi wachikulire wosachulutsa mawu. Anandilozera migolo itatu. Wa 2% unali wothira m'masanzi, m'chimbudzi ndi posambitsa maliro, wa 0.2% wokolopera pansi ndi kupukutira mabedi, wa 0.05% wosambira m'manja.

"Mwana wanga, pa wa 2% uyu tengapo upange wa 0.2%. Madzi uthira angati?"

Kasamu kake tinaphunzira chaka choyamba: mphamvu yomwe ulinayo kugawa ndi yomwe ukufuna, kuchotsapo 1. Ndinati muyezo umodzi wa kolorini, madzi miyezo 9.

"Nanga wosambira m'manja?"

"Madzi miyezo 39, a Sisita."

"Chita."

Kasamu komweka ndi kamene kamabwera pa mayeso ngati funso la botolo la 3.5% lomwe ukufuna likhale 0.5%, yankho lake madzi miyezo 6. M'kalasi kankaoneka ngati kongovutitsa. Mu tenti muja, ukachepetsa mphamvu matenda amatuluka nawe pa geti, ukachulutsa manja a magadiyani amasupuka.

Usiku wina cha m'ma 11 anabwera ndi bambo wina pa kabaza, mkazi wake atamugwirira kumbuyo. Anali msodzi, wa zaka za m'ma 40. Maso anali atalowa, milomo itauma, mawu atatha. Ndinatsina khungu la pamimba ndipo linaima osabwerera. Ndinaika zala pamkono, osamva kanthu. Ndinasuntha zala, osamvabe. Kale ndikanaganiza kuti ndine amene ndikulephera kupeza mtsempha, n'kumangofufuzabe mwamanyazi. Usiku umenewo ndinadziwa kuti kusamveka kwa mtima pamkono ndi yankho palokha: madzi atha m'thupi mpaka magazi sakufika bwino kumapeto.

"A Sisita, pamkono sipakumveka!"

Anafika akuthamanga ndi mabotolo a madzi a diripu otchedwa Ringer's lactate. Pobaya kanyula woyamba, kachubu kolowetsera diripu mu mtsempha, anandifunsa osandiyang'ana:

"Tiyerekeze makilogalamu 60. Plan C. Tiwapatsa zingati?"

Plan C ndi ndondomeko ya wodwala amene madzi atheratu m'thupi: mamililita 100 pa kilogalamu, ndiye malita 6. Gawo loyamba 30 pa kilogalamu, mamililita 1800, pa mphindi 30. Otsala 70 pa kilogalamu, mamililita 4200, pa maola awiri ndi theka. Ndinanena choncho, kenako mwachizolowezi ndinayamba kuwerengera madontho m'mutu: 1800 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi 30. Yankho linali 1200 pa mphindi. Palibe diso lingawerenge zimenezo, ndipo pomwepo ndinamvetsa chifukwa chomwe a Sisita ankabayira kanyula wachiwiri, wamkulu, pa mkono winawo. Nambala ija inkatanthauza kuti tsegula zonse mpaka kumapeto, ndipo chingwe chimodzi sichikwana.

Anandisiya pa bedi pomwepo kuti ndizisintha mabotolo, kuyang'ana pamkono mphindi 15 zilizonse, ndi kulemba zolowa ndi zotuluka. Mkazi uja anakhala pansi pakhomo la tenti atafunda chitenje kumutu. Botolo lachiwiri lili pafupi kutha ndinamva kanthu pansi pa zala zanga, kofooka, kothamanga, ngati ulusi ukugwedezeka. Ndinawerenga mphindi yathunthu n'kupeza 128. Patapita ola unali 110 ndipo unkamveka bwino. Bamboyo atatsegula maso n'kutha kumeza tinayamba kumumwetsa ORS pang'onopang'ono, diripu ikuyendabe. Ndinkamvetseranso kapumidwe ndi kuyang'ana zikope, chifukwa madzi othamanga chotere akapitirira muyezo amadzaza m'mapapo.

Cha m'ma 4 koloko anapempha chokodzera. A Sisita anali atandiuza kuti ndikaona mkodzo ndiwadziwitse, poti ndiwo umboni woti impso zayambanso kulandira magazi. Ndinayeza, ndinalemba pa tchati nthawi ndi mamililita, kenako ndinapita pakhomo la tenti.

"Mayi, bambo akodza. Akupeza bwino."

Anavundukula chitenje n'kundiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, mwananga," n'kufunsa ngati angakawaphikire phala. Ndinawauza kuti akhoza kutero kukacha, ndinawaonetsa mgolo wa 0.05% kuti asambe m'manja asanatuluke, ndipo ndinabwerera kukasintha botolo.